Uthenga wa makala m'Chifalansa: tikulankhula ndi ndani?

Sabata ino ndabwera ndi nkhani yooneka ngati ya aphunzitsi okhaokha, koma musathawe msanga. Ikukukhudzani inunso amene mumalemba ndakatulo za mitengo ndi mitsinje n'kuziponya pano kuti tiziwerenge.

M'mayunivesite ambiri kunjaku aphunzitsi a zinenero zachilendo atopa ndi ziganizo zakufa za m'mabuku, zija zofunsa njira yopita kusiteshoni ya sitima yomwe simudzapitako. Ndiye apeza njira ina. Amauza ophunzira kuti atenge nkhani ya chilengedwe, kaya ya mitengo, zinyalala, madzi kapena kusintha kwa nyengo, alembe uthenga m'chinenero chomwe akuphunziracho, auike pa Instagram, TikTok kapena Facebook kuti anthu enieni auwerenge n'kuyankha. Malikisi amachokera pamenepo. Chiyambire 2015, pomwe mayiko a mu United Nations anagwirizana zolinga 17 za chitukuko chokhazikika zoti zikwaniritsidwe pofika 2030, mitu yotere yalowa m'maphunziro ambiri, ndipo kalasi ya chinenero ndiyo yosavuta kuilowa, pajatu chinenero chimafuna nkhani yoti chinyamule.

Kuno kwathu Chifalansa chimaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba komanso ku Mzuzu University, Chitchaina nacho chinafika kudzera ku Confucius Institute, ndipo ophunzira ambiri ali ndi foni m'thumba. Njirayi siyenda ulendo wautali kuti itipeze. Nzeru ilimo, zimenezo sindikana. Chinenero sichilowa m'mutu poloweza. Inu amene munapitako ku Johannesburg mukudziwa kuti Chizulu chomwe munthu amachigwira m'miyezi itatu akusaka ganyu chimaposa cha zaka zitatu pabenchi, chifukwa uko ukalakwitsa mawu ugona ndi njala. Wophunzira akadziwa kuti munthu weniweni awerenga zomwe walemba, amasamala. Koma funso langa silili pa galamala. Funso langa ndi lakuti: tikamauza mwana wa eni kuti aime pagulu, ndi dzina lake lenileni, alalike za chilengedwe m'chinenero cha eni, kuti apeze malikisi, tikumuphunzitsa kukhala munthu wotani?

Tiyerekeze limodzi. Mtsikana wa chaka chachiwiri wapatsidwa ntchito: vidiyo ya mphindi imodzi, m'Chifalansa, yolimbikitsa anthu kusiya makala. Wadzuka m'mamawa, wajambula zitsa m'mphepete mwa phiri, wajambula bambo wina akukankha njinga yosenza matumba atatu, thukuta lili kamukamu. Waikapo kanyimbo kachisoni, walankhula Chifalansa chosalala, aphunzitsi asangalala, apereka 78. Tsopano ndiuzeni, wamva uthengawo ndi ndani? Bambo wa njinga uja samva Chifalansa, ndipo kafoni kake ndi ka mabatani. Mayi amene agule thumba limodzi mwa atatuwo naye sauona. Amene wamva ndi mnyamata wina ku Lyon, m'dziko lomwe magetsi ake ambiri amachokera ku nyukiliya ndipo kuthima kwake n'kwa apo ndi apo. Waphunzirapo chiyani? Waphunzira kuti kwinakwake mu Africa kuli anthu omwe akumaliza nkhalango zawo chifukwa chosadziwa, mwamwayi pali kamtsikana kamodzi kozindikira komwe kakuwadzudzula. Waika mtima wofiira pansi pa vidiyoyo, wapitiriza zake.

Zomwe vidiyo ija sinanene ndi izi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa 90 mwa 100 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ngakhale a m'tauni okhala ndi kuka anabwerera ku mbaula kwa miyezi yambirimbiri. Sinanenenso kuti mwini vidiyoyo, madzulo a tsiku lomwelo, anadya nsima yophikidwa pa makala, mwinanso ogulidwa kwa bambo yemwe uja. Si kuti mtsikanayu ndi wachinyengo ayi. Wachita zomwe anauzidwa. Koma wangophunzira kumene luso loopsa: kudzudzula anthu akwanu m'chinenero chomwe sangathe kuyankhamo, omvera ali alendo. Kumudzi khalidwe limenelo tili nalo dzina, timati miseche. Kungoti iyi ndi miseche ya galamala yabwino.

Wina anena kuti aaa, mwakulitsa nkhani, kalasi ya chinenero ndi sewero basi. Zoona. Tonse amene tinaphunzirapo chinenero tinanamapo m'kalasi: lero ndiwe wogulitsa buledi, mawa ndiwe dokotala, mkuja ukufunsira chipinda ku hotela. Palibe amanyengedwa chifukwa onse m'chipindamo akudziwa kuti ndi sewero. Koma mukangotulutsa sewerolo n'kuliika pa tsamba la mchezo, pansi pa dzina ndi nkhope ya wophunzira, lasanduka umboni. Wowerenga wa kutali sakudziwa kuti pali aphunzitsi akudikira ndi cholembera chofiira. Iye akuona munthu akunena za kumtima kwake. Ndiye mphamvu yomwe imachititsa njirayi kugwira ntchito, yoti omvera ndi enieni, ndi yomweyonso imene ikuchotsa chilolezo chathu chonama. Sitingadye zonse ziwiri.

Ndipo taganizirani amene amafuna kwambiri munthu wodziwa kulankhula mokoma za chilengedwe posatengera zomwe akukhulupirira. Mu 1986 Jay Westerveld, wa ku America, analemba za timakadi ta m'mahotela topempha alendo kuti asasinthe matawulo tsiku ndi tsiku ati pofuna kupulumutsa dziko, chonsecho chenicheni chomwe hotela ikupulumutsa ndi ndalama ya sopo. Khalidweli analitcha greenwashing. Ife tingalimvetse bwino tikakumbukira miyala ya m'mbali mwa msewu ija imapakidwa laimu bwana wamkulu akamabwera, maenje a mumsewu ali chikhalire. Mu 2015 kunadziwika kuti kampani ya Volkswagen, yomwe inkatsatsa magalimoto ake a dizilo kuti ndi aukhondo, inaika m'magalimoto pafupifupi 11 miliyoni pulogalamu yozindikira nthawi yoyezedwa, kuti utsi uzioneka wochepa pamayeso pokha. Malonda amenewo sanadzilembe okha. Analembedwa ndi anthu ophunzira, odziwa zinenero, ndipo anamasuliridwa bwinobwino m'mayiko osiyanasiyana. Kalasi yomwe imapereka malikisi pa kukoma kwa uthenga, osafunsa ngati uthengawo ndi woona, ikukonzekeretsa ana athu ntchito imeneyo. Mwina malipiro ake ndi abwino, kaya. Koma tizinena poyera kuti ndi zomwe tikuphunzitsa.

Pali chinanso chomwe chimandivuta, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ife a m'gulu lino mawu ndiye munda wathu. Timaganiza ngati liwu ndi ndowa yopanda kanthu, yoti ungothiramo tanthauzo n'kuwoloka nalo mtsinje. Si choncho. Liwu lomwe Ajeremani amagwiritsa ntchito pa nkhaniyi, Nachhaltigkeit, mizu yake ili m'nkhalango. Mu 1713 Hans Carl von Carlowitz, woyang'anira migodi ku Freiberg m'dera la Saxony, anaona kuti migodi ya siliva ikumeza mitengo mofulumira kuposa momwe ikumerera, ndipo analemba buku lolangiza kuti mitengo izidulidwa molingana ndi yomwe ingaphukenso. Onani bwino: nkhawa yake inali yoti mgodi usaime. Afalansa amati développement durable, chitukuko cholimba, chokhalitsa, ngati nsapato yosatha msanga. Lipoti la 1987 la komiti yotsogozedwa ndi Gro Harlem Brundtland wa ku Norway ndi lomwe linafalitsa ganizo loti a lero apeze zosowa zawo mosalanda za obadwa mawa. Ife tinamasulira kuti chitukuko chokhazikika. Mawu abwino, koma mverani momwe akumvekera: kukhazikika ndi kukhala pansi, kusagwedezeka. Ndi mawu a mumsonkhano wa ku hotela, okhala ndi botolo la madzi patebulo. Simudzawamva pachitsime.

Chikhalirecho ganizolo tili nalo kalekale, m'mawu athuathu. Mlimi aliyense amadziwa kusiyana kwa chimanga chakudya ndi mbewu. Njala ikafika poti banja ladya ndi mbewu yomwe, palibe amafunika kulifotokozera kuti ladya chaka chamawa. Likudziwa, ndipo likudya likulira. Munda wotopa timaugoneka, timati tsala. Mukamayenda m'chigawo chapakati, tinkhalango ta mitengo yachilengedwe tomwe mumationa tili tokhatokha pakati pa minda, nthawi zambiri ndi manda, ndipo tatsala chifukwa pali malamulo osalembedwa omwe anthu amawaopa kuposa a boma. Wotentha makala si mbuli. Ndi munthu amene akudya mbewu akudziwa. Wophunzira amene wangoloweza mndandanda wa mawu a Chifalansa a za chilengedwe, osayesa kufotokozera Mfalansa tanthauzo la kudya mbewu, sanayambe n'komwe ntchito ya chinenero. Wangosintha malaya.

Kodi pali amene anayesapo mwina? Alipo. Mu 1997, ku MIT ku America, mphunzitsi wa Chifalansa Gilberte Furstenberg ndi anzake anayambitsa ntchito yotchedwa Cultura. Ophunzira a ku America ndi a ku France ankapatsidwa mawu ofanana, aliyense n'kulemba zomwe zimamubwerera m'mutu akamva liwulo, kenako n'kuika mayankho a mbali ziwirizo pambali ndi pambali pa intaneti. Liwu lotanthauza madera a kunja kwa mzinda, mwachitsanzo, kwa a ku America linkabweretsa nyumba zabwino ndi kapinga, pomwe kwa Afalansa linkabweretsa umphawi ndi mavuto. Dikishonale imati ndi liwu limodzi, miyoyo ikuti ayi. Chomwe chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti pokambirana pa intanetipo aliyense ankalemba m'chinenero chake, kuti anene zakukhosi mosapunduka, ndipo mnzake wa kutsidya aziwerenga chinenero chamoyo. Chinenero chachilendocho ankachigwiritsa ntchito m'kalasi, pofukula zomwe awerengazo. Palibe ankalalikira mnzake. Ankafunsana.

Tayesani kuika liwu loti makala pa mndandanda woterowo. Wa ku Lyon akamva charbon aganiza za malasha a m'migodi yomwe dziko lake linatseka, kapena za kuwotcha nyama pabwalo tsiku lopuma. Wa ku Zomba aganiza za fizi, za mwezi ukafika pa 20, za utsi m'maso mwa amayi ake, za apolisi a pa rodibuloko. Pamenepo ndiye phunziro layamba, kwa onse awiri.

Ndipo tisaiwale kuti Chifalansa si cha ku Paris kokha. Ambiri mwa amene amachilankhula tsiku ndi tsiku ali mu Africa muno: Kinshasa, Lubumbashi, Abidjan, Dakar, Antananarivo. Ku Congo makala amawatchulanso kuti makala, ngati ife. Pali filimu ya dzina lomwelo, ya Mfalansa Emmanuel Gras, yomwe inapata mphoto ku Cannes mu 2017. Imatsatira mnyamata wa kufupi ndi Kolwezi akugwetsa mtengo, kutentha makala, n'kukankha njinga yolemedwa masiku angapo kupita kutauni, cholinga chake agule malata. Mukaionera mungalumbire kuti ndi msewu wa Zalewa. Filimuyo simudzudzula, simuyamikiranso. Imangokuyendetsani naye mpaka miyendo yanu itawawa. Ndiye wophunzira wathu akamalemba m'Chifalansa, bwanji m'maso mwake muzingobwera mzungu? Pali mnzake ku Lubumbashi yemwe vuto lawo ndi limodzi, ndipo mwina kwawo anayesapo njira yomwe ife sitinaimve.

Apa ndiye pali yankho langa, ngati lili yankho. Vuto si chinenero chachilendo, si foni, si nkhani ya chilengedwe. Vuto ndi komwe uthenga walunjika. Uthenga woti anthu asinthe kaphikidwe, abzale mitengo, asiye majumbo opyapyala omwe boma linaletsa mu 2015, umenewo upite m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, komwe wouzidwayo angathe kukuyankha kuti, "Nanga mwana wanga, ndiphikire chiyani?" Chinenero chachilendo ntchito yake ikhale ina: kutulutsa umboni wathu kunja, ndi kusefa malonjezo olowa.

Kumbukirani namondwe wa Freddy. Anayambira kufupi ndi Australia mu February 2023, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anamenya Madagascar, anamenya Mozambique kawiri, kenako mu March anatifika. Anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku a zanyengo. Kuno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Matope a m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Namondwe mmodzi, koma analiridwa m'Chimalagase ndi Chifalansa, m'Chipwitikizi, m'Chichewa, ndipo olirawo sanamvane. Wa ku Quelimane ndi wa ku Phalombe anataya zofanana sabata imodzi, koma nkhani zawo zinakakumana ku maofesi a ku Geneva ndi New York, zitasanduka manambala. Africa yonse imatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wosafika 4 pa 100 ya wa dziko lonse lapansi. Ku msonkhano wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022 mayiko anavomera kukhazikitsa thumba lothandiza omwe awonongekeredwa ndi kusintha kwa nyengo. Thumba lotere silidzadza ndi chisoni chokha. Limafuna ovota a ku Lyon, Lisbon ndi Munich amve kuchokera pakamwa pa mwini tsoka, m'chinenero chomwe amalotamo. Ameneyo ndiye ntchito yoyenera mwana wathu wa Chifalansa.

Kuti foni ingathe zimenezo tinaona mu January 2020. Vanessa Nakate wa ku Uganda anajambulitsa ku Davos pamodzi ndi Greta Thunberg ndi atsikana ena atatu achizungu. Bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press potulutsa chithunzicho linamudula iye yekha. Akanakhala wa m'badwo wa makolo athu, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anali ndi foni ndi chinenero chomwe odulawo amamva, anayankha pa Twitter, dziko linamva, bungwelo linapepesa. Sanalalikire alimi a kwawo. Anayang'ana kumene kunachokera lumo.

Mbali ya kusefa nayo ndi yofunika, mwinanso kuposa. Ku France, kuyambira January 2023, wotsatsa malonda saloledwa kungonena kuti katundu wake ndi neutre en carbone, kutanthauza kuti sawonjezera mpweya woipa, popanda kuonetsa poyera kawerengedwe kake, dongosolo lochepetsera utsiwo, ndi komwe akulipira kuti afafanize wotsalawo. Eni chinenero anafika poika lamulo chifukwa anaona kuti mawuwo akunamiza anthu. Nanga kufafanizako kumachitikira kuti? Kawirikawiri ndi m'mayiko ngati athu ano, kudzera m'mitengo yobzalidwa ndi mbaula zogawidwa m'midzi. Ndani adzawerengere a mfumu zomwe kampani yakunja ikunena kwawo za mudzi wawo? Kalasi yomwe imatenga positi ya kampani, n'kuivula liwu ndi liwu, kufunsa kuti verebu iyi ikulonjeza kapena ikungolakalaka, nambala iyi akuyerekeza ndi chaka chiti, chithunzi ichi chabisa chiyani, imeneyo ikuphunzitsa galamala yozama kuposa ya vidiyo ya mphindi imodzi. Ndipo palibe wophunzira amene wakakamizidwa kunama.

Zatsala zing'onozing'ono zomwe si zazing'ono kwa wosauka. Bandulo amagula ndani? Ngati malikisi akudalira kuchuluka kwa omwe aonera, ndiye kuti wa foni yodula ndi abwenzi ambiri wayamba mpikisano ali kutsogolo, komanso tapereka cholembera chofiira kwa kampani yomwe imadya pa malonda, yomwe imakweza chilichonse chokwiyitsa kapena choliritsa. Zomwe waika pa intaneti sizifufutika ngati choko. Tili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook ndi WhatsApp. Wophunzira amene watchula dzina la kampani yotayira zoipa mumtsinje, mphunzitsi adzamuperekeza kupolisi? Nanga bambo wa njinga uja? Lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020. Nkhope yake ili mu vidiyo, matumba akuoneka, msewu ukudziwika. Anapemphedwa? Anauzidwa kuti a ku Lyon amuona? Mwana wapeza 78, iye wapeza umboni womutsutsa. Mphunzitsi wanzeru angalole gulu lotsekeka la makalasi awiri okha, angalole dzina lobisika, angalamule kuti nkhope ya munthu isaoneke popanda chilolezo chake. Kuchita zimenezo sikuchepetsa phunziro.

Tsono tibwerere kwa mtsikana wathu uja, timupatse mwayi wachiwiri. Ulendo uno wabweretsa vidiyo ina. Sanajambule munthu, wajambula mbaula ya pakhomo pomwe amachita lendi. Akunena m'Chifalansa mtengo wa thumba la makala, mtengo wa silinda ya gasi, ndalama yomwe amalandira pamwezi, maola omwe magetsi anathima sabata yatha. Akunena kuti amadziwa bwino lomwe kuti phiri likuyera, kuti mvula ikagwa matope adzatsikira kwa iye yemwe, ndipo kuti mawa agulanso makala. Akumaliza ndi funso kwa aliyense womva Chifalansa, wa ku Lyon kapena wa ku Lubumbashi, kuti iye atakhala pamalo pakepo angatani.

Pa pepala la aphunzitsi palembedwa kuti uthenga ulimbikitse khalidwe losamala chilengedwe. Uwu sunalimbikitse chilichonse. Wina anganene kuti mwanayu walephera funso, ndipo malinga ndi pepalalo sakunama. Inu mukanakhala ndi cholembera chofiira mukanapereka zingati? Ine ndikanayamba ndasintha pepalalo. Kenako ndikanamvetseranso vidiyoyo kachiwiri, ndipo ngati pena wasokoneza verebu, ndikanadula malikisi pa verebuyo.